Tayala lonenepa pa limu yowonda, kapena musinthe limu yomwe? Za grip pa mountain bike

Funso limene anthu okwera maunteni amafunsana pafupipafupi ndi loti ndigule tayala la saizi yanji kuti njinga isiye kuterera mmakona, ndipo yankho limene ambiri amapatsana ndi loti gula lonenepa basi, la mainchi 2.4 kaya 2.6 mulifupi, likakula ndiye kuti ligwira. Pali choona pang'ono pamenepo koma nkhani yatsala theka, chifukwa tayala palokha lilibe shepu yake, shepu limaitenga ku limu imene mwalivekapo. Tayala lomwelo la 2.4 mukaliika pa limu ya 19 mm kenako nkuliika pa ya 30 mm mudzaona ngati munagula matayala awiri osiyana, lina lobulungira logwedera mmbali, lina lokhazikika bwinobwino. Ndiye musanatulutse ndalama yang'anani kaye limu muli nayoyo.

Muyezo tikunena panowu ndi wa mkati mwa limu, kuchoka mlomo uno kufika mlomo uwo, pamene pamakola mkombero wa tayala paja. Osati kunja ayi. Ambiri amayeza kunja tayala lili pomwepo nkumati yanga ndi 25 pomwe mkati muli 19 basi. Malimu ambiri ali ndi sitika yolembedwa mwina 559x19 kapena 622x30, nambala yoyambayo ndi kukula kwa bwalo la limu, yachiwiriyo ndiye mulifupi mwa mkati mu milimita, imeneyo ndi imene tikuifuna. A kampani ya WTB amalemba mophweka, i25, i30, i35. Ngati sitika inachoka kalekale, monga zimakhalira ndi njinga za kaunjika izi, vulani tayala mubwereke vernier kwa mekaniki, ngakhale rula wa mwana wasukulu amatha ntchito bola mwayang'anitsitsa.

Tayala nalo lili ndi manambala awiri. Pali ya mainchi imene tonse timatchula, 29x2.25, ndiye pali ina yaying'ono pambali yolembedwa 57-622, imeneyi ndi ya ETRTO, bungwe la ku Ulaya loona za miyezo ya matayala ndi malimu, ndipo ndi imene imakuthandizani kuwerengetsa chifukwa ili mu milimita ngati limu yomwe. Inchi imodzi ndi 25.4 mm, ndiye 2.1 ndi pafupifupi 53 kapena 54 mm, 2.25 ndi 57, 2.4 ndi 61, 2.6 ndi 66, 2.8 ndi 71, ndipo 3.0 ndi 76. Koma musamakhulupirire kwambiri zolembedwazo, pali ma 2.35 ena mukawapopa nkuwayeza amapezeka ndi 2.2, kampani iliyonse imayeza mwa njira yake komanso pa limu yake. Apa ndingowonjezerapo kuti nambala yachiwiri ya pa tayala ija iyenera kufanana ndendende ndi yoyamba ya pa limu: 559 ndi ya mawilo a mainchi 26, 584 ndi a 27.5, 622 ndi a 29. Tayala la njinga ya kabaza lija la 28x1½ ndi 635, silingakole pa 29 olo mutalikakamiza bwanji, ndipo 26x1⅜ ndi 590, si 26 ya maunteni, anthu amagula pamsika poona 26 yokhayo nkukalira kunyumba.

Chimene chimachitika tayala likanenepa kuposa limu

Taganizirani poto wamkulu wa nsima ya pa ukwati mutamutereka pa mafuwa oyandikana kwambiri. Ali chikhalire palibe vuto, koma mukangoyamba kuvundula amapendama uku ndi uku chifukwa pokhalira pake pachepa. Tayala la 61 mm pa limu ya 19 mm ndi chimodzimodzi, pansi lafinyidwa, pamwamba latupa, makoma ake apindikira mkati mmalo moima. Mumsewu wowongoka simumva kanthu. Lowani pakona muli pa liwiro mupendeketse njinga, mphamvu yonse imakankhira tayala chammbali ndipo limapinda, mumamva kumbuyo kukuchita ngati kwaphwa mpweya kapena ngati habu yamasuka, pomwe zonse zili bho. Ngati ndi tubeless, tayala lopanda chubu, mpweya umatha kuthawira pa mkombero paja kamodzi nkamodzi, fuu, ndi timadzi totseka mabowo ta sealant tomwe. Ndiye munthu amatani, amapopa kwambiri kuti tayala lilimbe, 35 psi, 40 psi pa geji ya mpweya, ndipo pamenepo grip, kugwira nthaka kuja, imene anagulira tayala lonenepalo yapita, chifukwa tayala lolimba gwa limangodumphadumpha pa miyala ndi mizu mmalo moti liziikumbatira.

China chimene ambiri sachiona ndi mano a mmbali. Tayala la maunteni lili ndi mano apakati oyendera ndi ogwirira buleki, ndi mano akuluakulu mmphepete amene ntchito yake ndi kuluma nthaka mukapendeka. Tayala likabulungira kwambiri mano a mmphepetewo amatsikira mmbali kutali ndi nthaka, ndiye kuti muwafikire muyenera kupendeketsa njinga kwambiri zedi, kuposa mmene wokwera wamba amalimbira mtima. Mumakhala mukuyenda ndi mano amene simukuwagwiritsa ntchito, tayala limatha pakati mmbali likadali latsopano.

Nanga limu ikakula kuposa tayala? Apa vuto limatembenuka. Ikani 2.2 pa limu ya 35 mm, tayala limayalika pamwamba nkukhala laphwatalala, mano a mmbali amabwera pamwamba nkumakhudza nthaka ngakhale mukuyenda mowongoka, njinga imalemera kupalasa, ndipo pakona imagwira bwino poyamba kenako mukapendeka pang'ono kupitirira pamenepo mano atha, mwafika pa khoma la tayala lopanda kanthu, imakutayani osakuchenjezani. Kuterera kwa tayala lobulungira kumabwera pang'onopang'ono mumakumva, kwa laphwatalala kumangoti psiti muli pansi. Komanso makoma a tayala amatulukira kunja kuposa mano, ndiye mwala wakuthwa umayamba kupeza khoma, ndipo milomo ya limu imakhala pambalambanda kudikira kugunda thanthwe.

Kawerengedwe kophweka kamene ineyo ndimakakhulupirira ndi koti mkati mwa limu mukhale pafupifupi theka la mulifupi mwa tayala, kutsika pang'ono kulibe kanthu. Limu ya 30 pa tayala la 61 ndi theka ndithu. 25 pa 57 ndi kuchepera pang'ono koma zili bwino. 19 pa 61 sikufika ndi gawo limodzi mwa atatu lomwe, 35 pa 57 kwapitirira. Si lamulo la boma, koma likupulumutsani ku zolakwika zikuluzikulu. Tchati chakale cha ETRTO chinkalola tayala la mpaka 62 mm pa limu ya 19, ndiye wina akhoza kukuuzani kuti ndi zololedwa, eya ndi zololedwa, tanthauzo lake ndi loti tayala silivuka, sakunena kuti ligwira bwino pakona.

Limu ya 17 mpaka 21 mm

Awa ndiye malimu ali pa njinga zambiri za 26 zimene zadzaza kwathu kuno, zakale zochokera ku Ulaya ndi ku America komanso zatsopano zotchipa za mmashopu. Kalelo limu ngati Mavic XC 717 ya 17 mm inali ya mpikisano ndithu, anthu ankawina nayo mipikisano ali ndi tayala la 1.95 kapena 2.1. Ndiye musadzione otsalira. Pa limu yotereyi tayala loyenera ndi 1.95 mpaka 2.1, pa 21 mm mukhoza kufika 2.25 popanda vuto. Ma 26x1.95 ndi 26x2.125 apezeka pamsika uliwonse ndi saizi yolondola kale, vuto lawo nthawi zambiri si saizi koma labala wouma ndi mano osaoneka mutu wake. Mukapeza 2.1 ya labala wabwino, Kenda kaya CST kaya Maxxis (Maxxis ndi CST mwini wake ndi mmodzi, Cheng Shin ya ku Taiwan), njinga imasintha kuposa mmene ikanasinthira ndi 2.4 yokakamiza.

Ubwino wake ndi wopepuka, mawilo amanyamuka msanga pokwera chitunda, zipangizo zimapezeka, chubu chilichonse chimalowa. Mmatope tayala lowonda limacheka nkukafika pa nthaka yolimba pansi ndipo limasiya mpata mu felemu, zimene mu February pa dothi la katondo ndi nkhani yaikulu. Kuipa kwake mpweya ndi wochepa mkatimo, ndiye ndi chubu simungatsike kwambiri, munthu wa makilo 70 amayenda cha mma 30 mpaka 35 psi, akatsika kuposa apo limu imatsina chubu pa mwala nkusiya timabowo tiwiri toyandikana, okonza njinga amatidziwa bwino timeneti. Pa miyala yosakhazikika ndi mizu yonyowa muzimva kugwedezeka ndipo muzitsika mosamala.

Kukakamiza 2.4 kapena 2.5 pa limu yomweyi ndi njira imene ambiri amatenga chifukwa ndi yotchipa kuposa kusintha mawilo. Sindinganene kuti palibiretu phindu, ngati mumayenda mmisewu ya fumbi ya mabampu mosathamanga mmakona, mpweya wambiriwo umafewetsa ulendo, msana umathokoza. Koma ngati cholinga ndi grip potsetsereka ndi pokhota, mwataya ndalama. Chokhacho chimene chimachepetsa vutoli ndi tayala la makoma okhuthala, koma limenelonso ndi lolemera ndi lodula, pa njinga ya 26 yakale sizikugwirizana.

23 mpaka 25 mm

Apa ndi pakati ndi pakati, ndipo ndimaona ngati anthu amaichepetsa saizi imeneyi chifukwa cha fashoni basi. Limu ya Stan's Crest ya masiku ano ndi 25 mm, DT Swiss XR 391 ndi 25 mm, ndipo njinga zambiri za 29 ndi 27.5 zogwiritsidwa kale ntchito zimene anthu amabwera nazo kuchokera ku Joni zili ndi malimu a mmenemu. Tayala la 2.2 mpaka 2.35 limakhala bwino kwambiri apa, 2.4 pa 25 mm imathekanso bola musatsitse mpweya mopitirira. Kwa munthu woyenda mitunda italiitali, misewu ya mmapaini ku Zomba kaya ku Luwawa, zitunda zazitali za ku Nyika kumene kupalasa ndi kochuluka kuposa kutsetsereka, iyi ndi saizi yanzeru, simukunyamula labala ndi aluminiyamu wosafunika.

Wina akakuuzani kuti 25 mm ndi yowonda moti simungatsike nayo phiri, mukumbutseni za DT Swiss EX 471. Limu imeneyi ndi 25 mm mkati ndipo akatswiri a downhill, mpikisano wotsetsereka phiri, akhala akuigwiritsa ntchito zaka zambiri ndi matayala onenepa ndithu. Ndi yomwe Aaron Gwin anatsika nayo ku Leogang, Austria, mu 2014 tayala lakumbuyo litavuka, anamaliza mpikisano akuyendera limu yokhayokha. Chinsinsi chawo ndi choti matayala a downhill makoma ake ndi okhuthala kawiri, amadziimira okha osadalira kwambiri limu. Ndiye nkhani ya mulifupi simaiona payokha, tayala la makoma opyapyala limafuna limu yotambalala kuti iligwirizize, la makoma olimba limapirira limu yowonda.

28 mpaka 30 mm, pamene ambiri afikira

Ngati mukugula mawilo atsopano ndipo mukufuna yankho limodzi, ndi 30 mm ndi tayala la 2.4. Njinga za trail ndi enduro, zokwera ndi kutsika nazo tinjira tovuta ta mmapiri, zambiri za masiku ano zimatuluka mufakitale zili choncho, Stan's Flow ya pano ndi 30, DT Swiss XM 481 ndi EX 511 ndi 30, ndipo matayala ambiri atsopano amapangidwa poganizira limu imeneyi, kutanthauza kuti mano a mmbali amakhala pamalo pamene wopangayo anafuna kuti akhale. Limu ya 30 imalandira kuyambira 2.3 mpaka 2.6, ndiye muli ndi ufulu wosintha matayala malinga ndi nyengo osagulanso mawilo, ndipo ubwino umenewu kwa ife amene tayala labwino timachita kuitanitsa ndi m'bale wobwera pa basi si wochepa, chimene chapezekacho chikwana.

Phindu lenileni lili pa mpweya. Makoma a tayala akaima mowongoka mukhoza kutsitsa mpweya popanda tayala kupinda, munthu wa makilo 70 kapena 75 pa tubeless akhoza kuyambira cha mma 22 psi kutsogolo ndi 25 kumbuyo nkumasintha kuchokera apo, wolemera awonjezere, wopepuka achotseko. Pa mpweya woterewu tayala limayala phazi lalikulu pansi, likafika pa muzu limaukulunga mmalo modumpha, buleki imagwira msanga, ndipo pokwera chitunda cha timiyala tayala lakumbuyo silizungulira pachabe. Grip imene anthu amaitamanda pa limu yotambalala kwenikweni ndi ya mpweya wochepawu, limu yangokupatsani chilolezo. Mukagula limu ya 30 nkumapopabe 40 psi poopa ponchi palibe chimene mwachita, mwangowonjezera kulemera.

Ngakhale a cross country, mpikisano wopalasa zitunda ndi zigwa, amene kale ankawerengera galamu iliyonse, anasamukira konkuno. Mukaonera mipikisano ya World Cup kapena Cape Epic, mpikisano wa masiku 8 uja umachitika ku Western Cape kuyambira 2004, muona ambiri ali pa 2.35 ndi 2.4 pa malimu a pafupifupi 30 mm, matayala a mano afupiafupi koma onenepa. Anazindikira kuti pa njira ya mabampu tayala lofewa limathamanga kuposa lolimba chifukwa silitaya mphamvu podumpha.

Pa matayala a Maxxis mudzaona ena alembedwa WT, monga Minion DHF 2.5 WT, DHR II 2.4 WT kapena Assegai 2.5 WT, tayala lija anapanga ndi Greg Minnaar wa ku Pietermaritzburg amene anakhala katswiri wa dziko lonse wa downhill mu 2003, 2012, 2013 ndi 2021. WT imeneyo ikutanthauza kuti manowo anawayala poganizira limu ya 30 mpaka 35 mm. Assegai ndi tayala logwira koopsa kutsogolo, koma mukaliveka pa limu ya 21 mm chifukwa choti mwamva dzina la Minnaar, mwagula tayala lodula lolemera kupalasa limene mano ake abwino akuyang'ana kumbali.

35 mm kupita mtsogolo

Limu ya 35 ndi ya matayala a 2.5 WT, 2.6 mpaka 2.8. Ndi 2.6 pa 35 njinga imakhala yofewa, yokhululuka, munthu amene akuphunzira kumene amalimba nayo mtima chifukwa timiyala ting'onoting'ono sakutimva nkomwe, ndipo pa hardtail, njinga ya shoko yakutsogolo yokha, imalowa mmalo mwa shoko yakumbuyo pang'ono. Vuto ndi loti yakumangani, 2.3 kapena 2.25 pa limu imeneyi imaphwatalala monga ndanena kale, ndiye tsiku limene 2.6 yasowa mulibe pothawira. Ineyo pakati pa 30 ndi 35 ndingatenge 30 pokhapokha ngati ndikudziwa kuti moyo wanga wonse ndi 2.6.

Ndiye pali ma plus, 2.8 ndi 3.0 pa malimu a 40 mpaka 50 mm. A kampani ya Surly ndi amene anayambitsa 29+, plus ya pa mawilo a 29, ndi njinga yawo ya Krampus mu 2012, ndipo cha mma 2015 ndi 2016 makampani ambiri anathamangira 27.5+ ngati kuti tsogolo lonse ndi limenelo. Sizinakhalitse. Kuti tayala lalikulu choncho lisalemere mopitirira ankalipanga ndi makoma opyapyala, ndiye limang'ambika pa miyala, ndipo mpweya wake ndi wovuta kupeza, 1 psi yokha kusiyana mwina likudunda ngati mpira mwina likupinda pakona. Othamanga anabwerera ku 2.4 ndi 2.6. Komabe pa mchenga palibe cholipambana kupatula fat bike, njinga ya matayala onenepa kuposa apa, ngati mumakhala kunyanja, misewu ya mchenga ya ku Mangochi kaya Salima kumene 2.1 imangozama nkukutsitsani, plus imayandama nkudutsa. Kungoti ganizirani kaye kumene mudzapeze tayala lina likadzatha, ndi chubu chake chomwe.

Zimene zingakulepheretseni musanayambe nkomwe

Felemu ndi foloko. Tayala lonenepa liyenera kukwana, ndipo limu yotambalala imalinenepetsanso pang'ono kuposa mmene linalili pa yowonda. Siyani mpata wosachepera 6 mm mbali zonse, njira yophweka ndi kutenga allen key ya 6 nkuilowetsa pakati pa tayala ndi felemu, pansi paja pafupi ndi pedulo pamene pamapanikiza kwambiri, pamwamba, komanso pansi pa uta wa foloko, ikakana kulowa ndiye kuti tayala lakula. Wilo imapindika pang'ono mukamakhota ndiponso siikhala yowongoka ndendende masiku onse, sipoko imodzi ikaduka tayala layamba kukhula, ndipo matope a katondo akamatirira amasanduka sandipepa, amadya penti kenako aluminiyamu, pa kaboni ndiye musanene. Njinga zambiri zakale za 26 kumbuyo zimathera pa 2.2 kapena 2.3 basi.

Mabuleki nawo. Ngati njinga yanu ndi ya V-brake, ya mabuloko ogwira pa limu, nkhani ya limu ya 30 mm muiwale, malimu otambalala a masiku ano pafupifupi onse ndi a mabuleki a disc, ogwira pa chimbale cha pa habu, alibe khoma logwirapo buleki. Ndipo kusintha limu si kungogula limu, pamafunika masipoko a utali woyenera, mabowo afanane ndi a habu, 32 kaya 36, ndi munthu wodziwa kuluka wilo. Amisiri oluka bwino alipo ambiri mmatauni mwathu, amaluka mawilo a kabaza onyamula matumba a makala tsiku ndi tsiku, koma muwauze kuti limu ya tubeless siifuna kugogodedwa ndi hamala kapena kutokosedwa ndi sikuludiraiva pa mlomo, ikangopindika pang'ono mpweya uzithawa. Mukaphatikiza zonsezi pa njinga ya 26 yakale, nthawi zambiri ndalama yake bola kuisunga mudzagulire njinga ina ya 29 yokhala kale ndi malimu abwino.

Ngati ndalama ndi ya chinthu chimodzi

Yambani ndi tayala lakutsogolo. Lakumbuyo likaterera mumatha kuliwongola, ena mpaka amasangalala nazo, lakutsogolo likaterera mumadya dothi. Ndiye palibe cholakwika kuika lonenepa pang'ono la mano akuluakulu kutsogolo ndi lowonderapo lothamanga kumbuyo, 2.25 ndi 2.1 pa limu ya 21, 2.35 ndi 2.25 pa 25, 2.5 ndi 2.4 pa 30. Kutsogolo kulinso kulemera kochepa ndiye tayala silipinda msanga ngati kumbuyo, ndipo foloko kawirikawiri imakhala ndi mpata wambiri kuposa felemu. A Schwalbe mpaka amagulitsa matayala oti aziyenda awiriawiri choncho, Racing Ray kutsogolo Racing Ralph kumbuyo, kapena Magic Mary kutsogolo kwa okonda kutsetsereka. Ena amafika posintha wilo yakutsogolo yokha kuika limu ya 30 nkusiya yakumbuyo ya 25, ndi nzeru yabwino ndithu ngati njinga ndi ya disc.

Mtundu wa labala musauiwale. Labala wa matayala a Maxxis amabwera mu MaxxSpeed, MaxxTerra ndi MaxxGrip, kuchoka lolimba lothamanga kufika lofewa lomata, ndipo pa thanthwe lonyowa kusiyana kwa labala kumaposa kusiyana kwa milimita 5 za limu. Koma lofewalo limatha msanga, ngati theka la ulendo wanu ndi phula popita ku phiri musaliike kumbuyo, mudzaliona likusungunuka ndi maso. Makoma a Maxxis nawonso ali ndi mayina, EXO ndi opepuka, EXO+ okhuthalako, DoubleDown ndi DH ndiye zolimba zenizeni. Pa limu yowonderapo kapena ngati ndinu wolemera thupi, kukwera sitepe imodzi pa makoma kumathetsa kupinda kuja popanda kusintha limu.

Tubeless ikatheka chitani, makamaka kuno kwa minga, sealant amatseka timabowo inu osadziwa nkomwe ndipo palibe chubu choti chitsinidwe. Kungoti kukatentha amauma msanga, mu October muziyang'anamo pakatha miyezi iwiri kapena itatu, ndipo chubu chimodzi muzinyamulabe mchikwama. Limu yakale yosakhala ya tubeless yowonda, yongomatidwa tepi, ndi tayala lonenepa pa mpweya wochepa, imeneyo ndiye ayi, tayala likhoza kuvuka muli pakona.

Ndipo gulani geji ya mpweya. Kufinya tayala ndi chala kumagwira ntchito pa njinga yopita kumsika, koma chala sichisiyanitsa 22 ndi 28 psi, pomwe pa njira kusiyana kumeneko ndi kwakukulu kuposa kwa 2.35 ndi 2.4. Sankhani kanjira kamodzi kamene mumakadziwa kokhala ndi makona ndi miyala, yambani ndi mpweya wochulukirapo, tsikani, chotsani 2 psi, tsikaninso, pitirizani choncho mpaka mutamva limu ikugunda mwala kapena tayala likupinda pakona, pamenepo bwezeranimo 2 psi. Nambala imeneyo ilembeni pa limu ndi maka pafupi ndi valavu, yakutsogolo payokha yakumbuyo payokha, ndipo mukadzasintha tayala kapena mvula ikadzayamba mudzayesenso.